Nambala ya ba Sakala ndi foni yanga yomanga ndi labala

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikugulitsa vitumbuwa. Panali patapita zaka zochepa Rufunsa itakhala boma payokha. Maofesi anali kumangidwa, ndipo m'mawa uliwonse anthu ankatsika m'maminibasi ndi mapepala m'manja. Ine ndinali nditachoka kwathu ku Shikabeta ndi mwana wanga Taonga kumsana, n'kumakhala kwa azakhali anga pafupi ndi msewu waukulu. Atate ake a mwanayo anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe. Sukulu ndinalekezera giredi 7. Munthu wamkulu akandifunsa kanthu, ndinkayankha ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi.

Beseni langa ndinkaliika pakhonde la shopu ya ba Esnart, chifukwa anthu odikira fotokope amamva njala msanga. Ba Esnart anali mayi wamkulu msinkhu kuposa ine, anaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Tsiku lina anamva Taonga akutsokomola ndi fumbi la malole, anatuluka n'kuima pakhomo.

"Amake Taonga, mwana uyu fumbi lizamusiliza. Lowani mukati. Kusesa muziba?"

Ndinangogwedeza mutu. Umu ndi mmene ndinalembedwera ntchito, popanda kalata, popanda mafunso ena.

Miyezi yoyamba ndinkasesa, kupukuta makina a fotokope ndi kutulutsa mapepala akakakamira mkati. Kenako ndinayamba kutaipa makalata ndi zala ziwiri. Ba Esnart anali ndi ntchito inanso yomwe ine sindinkaimvetsa: ankapangira amalonda ndi matchalitchi masamba a pa intaneti. Ndinkaima kumbuyo kwawo ndi tsache m'manja, kuonerera akulemba timawu, batani n'kusintha mtundu. Tsiku lina anatembenuka mwadzidzidzi.

"Tsache lija lagona m'manja. Kokani mpando."

Anandiuza kuti tsamba la pa intaneti lili ngati nyumba. HTML ndi njerwa zake, CSS ndi pulasitala ndi penti. Ine anandipatsa za CSS, ati mawu ake ndi ochepa ndipo amabwerabwera omwewo. Ndinagula kabuku ka ana asukulu. Kumanzere ndinkalemba mawu monga alili pakompyuta, kumanja tanthauzo langa. `margin`, mpata wakunja. `padding`, mpata wamkati. Chizungu chambiri sindinkachidziwa, koma mawu amenewo ndinawadziwa ngati mayina a anthu apamudzi.

Chimene chinandigwira mtima ndi kuzama. Galasi la kompyuta ndi losalala, palibe chokwera, palibe chotsika. Koma pali njira yopangitsa diso kukhulupirira kuti batani latukuka, kapena kuti chithunzi chayandama pamwamba pa tsamba. Ba Esnart sanandiphunzitsire zimenezi pakompyuta. Anatenga bokosi la machesi ndi pepala loyera, tinatuluka pakhonde dzuwa la m'mawa likuwala.

"Chikuuzani n'chani kuti bokosi lili pamwamba pa pepala?"

"Mthunzi," ndinatero chapansipansi.

Analinyamula pang'ono. Mthunzi unatalikira, m'mphepete mwake n'kufewa. Analitsitsa, unabwerera pafupi n'kulimba. Titalowa anandionetsa `box-shadow`. Nambala yoyamba imakankhira mthunzi kumbali, yachiwiri pansi, yachitatu imaufewetsa, pomaliza umalemba mtundu wake. Anandipatsanso lamulo limene sindinaliiwale: "Dzuwa n'limodzi. Mthunzi ukagwera kumanja pa batani limodzi, onse agwere kumanja." Pambuyo pake ndinaphunzira `perspective`, imene imauza tsamba kuti woonayo waima patali bwanji, ndi `rotateY`, imene imatembenuza chinthu ngati chitseko.

Ntchito yoyamba imene anandisiyira ndekha inali ya ba Sakala. Iwo anali ndi galaja m'mbali mwa msewu, ndi kagalimoto kotsatira malole ofera m'mapiri a njira ya ku Luangwa. Anali mkulu wa mpingo wa Pentekosite, ndipo ngakhale popereka moni ankalankhula ngati ali pamsonkhano wa chitsitsimutso. Anali ataona kwinakwake makadi otembenuka.

"Nifuna chotembenuka," anatero akuzunguza dzanja. "Kutsogolo chithunzi cha galaja, kumbuyo namba yanga. Dalaivala aone kuti ku Rufunsa sitili m'thengo."

Atatuluka, ba Esnart anandiuza mosabisa. "Iyi ni yanu. Akakondwa ba Sakala, azabweretsa anzawo onse a kuchalichi, mpando uyu uzakhala wanu. Akakana, fotokope yeka siingatidyetse tonse awiri." Sanatchule beseni, koma ine ndinaliona, pamodzi ndi fumbi ndi chifuwa cha Taonga.

Khadilo ndinalipanga masiku anayi. Linali ndi nkhope ziwiri zomatana misana. Bokosi lakunja ndinalipatsa `perspective`, lamkati `rotateY` kuti lizitembenuka munthu akaloza ndi mausi kapena akakhudza ndi chala. Panalinso mzere wina wofunika, `backface-visibility: hidden`, umene umabisa nkhope imene yakufulatira. Popanda umenewo, zakumbuyo zimaonekera kutsogolo. Ba Esnart anali atandiuza kuti mafoni akale samva mizere imeneyi pokhapokha uilembe kawiri, kachiwiriko utaika `-webkit-` patsogolo. Ndinalemba m'kabuku, ndinatsekera mzere pansi pake.

Khadi litatembenuka koyamba, mthunzi wake ukulitsatira, ndinaseka ndekha mpaka Taonga anadzuka.

"Muyese na pa foni," anatero ba Esnart.

Foni ndinali nayo. Ndinaigula yakale kwa munthu wina pamsika, kakang'ono, galasi long'aluka pakona, chotsekera kumbuyo chomanga ndi labala kuti batire lisagwe. Atsikana apamsika ankaitcha "mwana wodwala". Kushopu sindinkaitulutsa, inkakhala pamfundo ya chitenje. Tsiku limenelo ndinachita manyazi kuiika patebulo pambali pa kompyuta yoyera. Ndinabwereka foni yatsopano ya ba Esnart. Khadi linatembenuka bwinobwino.

"Mwayesa?"

"Ndayesa."

Silinali bodza, koma sichinalinso choonadi chonse. Tinakweza mafayilo pa intaneti, ba Sakala anaona pakompyuta yathu, anakuwa aleluya, n'kupita.

Patapita milungu iwiri, nyengo yotentha ili pachimake, ba Esnart anaperekeza amayi awo kuchipatala ku Mpanshya. Anandisiyira makiyi, ati abwera mawa lake ndipo foni yawo ikhala yozimitsa. Dzuwa litakwera, mushopu muli anthu asanu ndi mmodzi odikira fotokope, ndinamva mawu a ba Sakala asanafike n'komwe pakhonde.

"Iwe! Abwana ako ali kuti?"

Pambuyo pawo panali bambo wamfupi, malaya akuda ndi girisi. Anali ba Daka, dalaivala wa lole. Lole yawo inali itafa paphiri m'mamawa, itanyamula chimanga. Mnzawo wina anali atawauza kale za tsamba la ba Sakala, ndiye analitsegula pafoni kuti apeze makanika.

"Auzeni, ba Daka. Auzeni!" anatero ba Sakala.

Ba Daka anapukuta thukuta ndi chipewa. "Namba naiona, koma ni yotembenuka, monga mu galasi yoonera nkhope. Nayesa kuwerenga kuchokera uku, 2 aoneka monga 5. Natuma foni. Ayankha amayi ena ogulisa mbuzi, ati, 'Mbuzi zasila.' Nati, amayi, sinifuna mbuzi, nifuna makanika. Natumanso, ni amayi omwewo. Kachitatu ananitukwana mpaka ku makolo."

Anthu a pamzere anaseka. Ba Daka anali atasiya lole ndi katundu yense paphiri, n'kukwera minibasi kudzafunsa galaja ndi pakamwa.

Ndinakoka mpando. Ndinatsegula tsambalo pakompyuta. Chithunzi cha galaja chinali pomwepo, ndinaloza ndi mausi, khadi linatembenuka, nambala ili chilili. Ba Sakala anatulutsa foni yawo yaikulu n'kuyesa. Zinali bwino. Kenako anatembenukira ba Daka.

"Bweretsani foni yanu tione."

Ba Daka anaitulutsa monyinyirika. Inali yaing'ono, galasi losweka, kumbuyo yomata ndi selotepi.

"Aaa, ba Daka! Iyi ni foni kapena ni sopo? Ili na chiwanda iyi, ifunika mapemphero. Mwanivutitsira mwana wa eni chabe."

Shopu yonse inaseka kuposa poyamba. Mlandu unali utandichoka wokha, popanda ine kutsegula pakamwa. Ndikanangokhala chete monga mwa masiku onse, ba Sakala akanatuluka ali okondwa, ndipo ba Esnart sakanadziwa kanthu.

Koma ndinaona mmene ba Daka anabwezera foni ija m'thumba, mwamsanga, akumwetulira kumwetulira kopanda chimwemwe. Dzanja limenelo ndinalidziwa. Ndi mmene langa linkachitira. Ndinaganizanso za madalaivala amene ndinkawagulitsa vitumbuwa. Ndi angati anali ndi foni ngati ya ba Sakala? Ambiri anali ndi zonga za ba Daka. Tsamba lija linali la iwowo, ndipo kwa iwo linali lakufa.

Ndinamasula mfundo ya chitenje. Ndinaika foni yanga patebulo, labala ndi zonse. Mayi wina pamzere anati, "Mayo, zakumana zapachibale." Ndinatsegula tsamba. Linachedwa, linachedwa, kenako linabwera. Nambala inali pamwamba pa chithunzi cha galaja, yotembenuka ngati yolembedwa kuseri kwa galasi.

"Si foni yawo, atate," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndinabwereza. "Si foni yawo. Ndine ndinalakwitsa. Sindinayese pa foni yotere."

Kuseka kunatha. Ba Sakala anatembenukira kwa ine.

"Manje milungu iwiri yonse, anthu afera m'mapiri atuma kwa amayi a mbuzi?"

Ba Sakala anabweza foni yawo m'thumba la ovolosi.

"Niyenda kukonza lole ya aba. Nikabwera, nipeze zili bwino. Apo ayi, nichotsa zonse, nipeleka ku Lusaka kuli anthu ophunzira."

Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinamaliza fotokope ya anthu aja ndikuona zinthu ngati zili m'madzi. Atatuluka womaliza ndinakankha chitseko, ndinayamwitsa Taonga, n'kumugoneka pachitenje pansi pa tebulo. Ndinayesa kuimbira ba Esnart ngakhale ndinkadziwa kuti sizitheka. Kenako ndinatsegula fayilo ya CSS, kabuku kanga pambali, ndinayamba kutsata mzere ndi mzere ndi chala, monga ndinkawerengera kusukulu.

`perspective` ndinali nditalemba kawiri. Mzere wotembenuza, kawiri. Nditafika pa `backface-visibility`, unali umodzi wokha. Mnzake wa `-webkit-` panalibe. Mafoni akale ankamva lamulo lotembenuza nkhope yakumbuyo, koma lamulo loibisa sankalimva. Kanthu kakang'ono chotero, kosakwana theka la mzere wa m'kabuku, kanasiya munthu ndi chimanga chake paphiri.

Ndinalemba mzerewo, ndinasunga fayilo, ndinaikweza. Ndinatsegula pafoni yanga. Nambala inali chikhalire chotembenuka.

Ndinakwezanso, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwana, ndikuganiza kumene ndinasiya beseni. Ndiye ndinakumbukira zimene ba Esnart ankanena tikasintha kanthu koma osaoneka: foni imasunga fayilo yakale kuti isawononge mabandulo a intaneti. Ndinalowa m'makonzedwe a foni, ndinafufuta zosungidwazo, n'kutsegulanso. Chithunzi cha galaja chinabwera choyera, chopanda cholembedwa pamwamba. Ndinakhudza, khadi linatembenuka, nambala ili chilili. Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Ndikanalekera pomwepo. Koma popeza manyazi anali atandithera kale m'mawa, ndinabereka Taonga, ndinatseka shopu, ndinapita pamsewu pamene ndinkagulitsira kale. Ndinapatsa foni azakhali anga, amene anali pa tebulo lawo la tomato.

"Azakhali, tayerekezani motoka yafa. Pezani nambala ya galaja apa."

Anayang'ana, anaitalikitsa, anaiyandikitsa. "Pali chabe chithunzi cha matayala. Namba ili kuti?"

Ndinapatsa dalaivala wa minibasi amene ankadikira anthu. Anakwezera tsamba m'mwamba, analitsitsa, n'kundibwezera. "Sisita, palibe namba apa." Ndinayesa anthu asanu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhudza khadi. Akanadziwa bwanji kuti kuseri kuli kanthu? Ndinaonanso china. Mthunzi wanga wofewa uja, umene unkakongola mushopu, padzuwa la masana sunkaoneka n'komwe. Zonse zinali zosalala. Pansi pafupi ndi phazi langa panali njerwa yotchingira tebulo la azakhali, ndipo mthunzi wake unali waufupi, wakuda, wakuthwa m'mphepete. Umenewo unkaoneka ngakhale utatsinzina diso limodzi.

Ndinabwerera kushopu n'kuchita chinthu chimene palibe anandituma. Nambala ndinaichotsa kuseri kwa khadi. Ndinaiika pamwamba penipeni pa tsamba, pa batani lalikulu lachikasu loti ukalidina foni imaimba yokha. Mzere woimbitsawo unali m'kabuku, ba Esnart anaugwiritsapo ntchito pa tsamba la tchalitchi. Batanilo ndinalipatsa mthunzi wa njerwa: kumbali ziro, pansi mapikiselo asanu ndi limodzi, timadontho ta pagalasi, kufewa ziro, mtundu wakuda. Linaoneka lonenepa, lotukuka, lopempha chala. Ndinawonjezera kuti ukalidina litsike pang'ono ndi `translateY`, mthunzi n'kufupika, kuti chala chimve ngati chadinadi kanthu. Khadi ndinalisiya lizitembenuka, koma kuseri ndinalembako ntchito za galaja: matayala, mabuleki, kuwotcherera. Ndinabwereranso pamsewu. Azakhali anadina batani ndisanamalize kufunsa.

Ba Sakala anafika dzuwa litapendeka, manja akuda mpaka m'zigongono, ba Daka ali pambuyo. Ndinaimirira, ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Atate, ndakonza. Koma nambala ndaichotsa kumbuyo kwa khadi."

"Wachotsa? Nani akuuza? Ine n'nati kumbuyo!"

"Munatero, atate. Koma munthu amene lole yamufera safuna kuseweretsa khadi. Ndayesa anthu asanu pamsewu, onse sanaipeze. Ba Daka, tandibwerekani foni yanu."

Ba Daka anaitulutsa, ulendo uno mosabisa. Ndinafufuta zakale, ndinatsegula tsamba, n'kupereka foniyo kwa ba Sakala. "Tiyeni panja, padzuwa."

Tinaima pakhonde. Ba Sakala anayang'ana kagalasi kosweka kaja atakwinya nkhope. Sindinawauze pogwira. Chala chawo chagirisi chinapita chokha pa batani lachikasu, batani linatsika, ndipo patapita kanthawi m'thumba la ovolosi yawo munayamba kulira nyimbo ya kwaya. Anadzidzimuka, anagwira thumba, anatulutsa foni yawo ikuimba. Anayang'ana iyi, anayang'ana iyo.

"Yankhani, ba Sakala," anatero ba Daka. "Kapena ni amayi a mbuzi."

Ba Sakala anaseka mpaka anatsamira chipilala. Anadinanso kachiwiri, kachitatu, ngati mwana. Kenako anafunsa ngati khadi likutembenukabe, ndinawaonetsa, anagwedeza mutu.

"Amake Taonga," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho, "mwachita bwino. Muwauze ba Esnart, ba Mwale a hadiweya nawo afuna chao. Nizabwera nawo pa Mande."

Atapita ndinakhala pampando. Taonga anadzuka n'kuyamba kukoka labala wa foni yanga. Ndinamusiya.

Mawa lake ndinauza ba Esnart zonse, kuyambira pa foni imene ndinabisa. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatambasula dzanja. "Tione mwana wodwalayo." Anaitembenuza uku ndi uku. "Ine n'nakupatsani yanga osaganiza. Tonse tinalakwa. Iyi ndiye foni ya makasitomala athu."

Patapita miyezi ndinagula foni ina yabwinoko, koma yakale ija sindinaitaye. Ili patebulo pambali pa kompyuta, pachaja chake, ndi labala watsopano. Tsamba lililonse limene ndapanga kuchokera tsiku lija, la ba Mwale, la sukulu ya mkaka, la nyumba ya alendo ya ku Chinyunyu, lisanapite kwa mwini wake limayamba ladutsa pa iyo. Ndimatuluka nayo pamsewu masana, n'kuipereka kwa munthu amene sanalionepo, osamuuza pogwira. Chala chake chikapita chokha pamene ndimafuna, ndiye kuti mthunzi wagwira ntchito. Chikazengereza, ndimabwerera mkati kukakonza.

Alendo ena akalowa mushopu amaiona n'kufunsa chifukwa chimene tikusungira chinthu chakufa chotero. Kale ndikanaibisa pansi pa mapepala. Tsopano ndimawauza kuti asaigwire, ameneyo ndiye bwana wamkulu muno.